Chitini cha mkaka kudenga

Ndikukumbukira, ee, ndikukumbukira ndithu chaka chimene mlongo wanga Paulo anatupa mapazi. Ndinali kamtsikana ka zaka zisanu ndi zinayi kapena khumi, nthawi ya chitaganya, kwathu kumapiri mbali ya Bembeke, kumene chisanu cha Juni chimaluma ngati chili ndi mano. Paulo anali atangosiya bere. Mapazi anatupa, masaya anatupa, tsitsi linafiira n'kumasosoka lokha. Kulira kwake kunali ngati kwa kamphaka.

Atate anali ku Joni, kumigodi. Amayi anali mtengwa pamudzipo, ndiye mawu omaliza pakhomo pathu anali a azakhali aNangozo, alongo awo a atate, mayi wamkulu wokonda fodya wa m'mphuno. Iwo anangomuyang'ana mwana n'kunena kuti, "Ndi tsempho. Wina wamusempha mwanayu." Kwathu ankati munthu wogona ndi mwamuna kapena mkazi ngotentha, pamene kamwana ndi wodwala ngozizira, ndipo wotentha akagwira chakudya cha wozizira amamudula. Ponena zimenezo, maso a azakhali anali pa amayi. Mwamuna ali ku Joni, nanga mwana wasemphedwa ndi yani? Mukuumva mlanduwo.

Amayi anabereka Paulo, ine pambuyo ndi mbatata yootcha, ulendo wa kuchipatala cha asisitere. Sisitere wina wachizungu, Chinyanja chake chopindikapindika, anadina phazi la Paulo ndi chala, dzenje n'kutsala. Anati mwanayu sanasemphedwe, thupi lake likusowa chakudya. Anatipatsa chitini cha mkaka waufa. "Akhristu anzanu a kutsidya kwa nyanja asonkha," anatero. "Sakudziwani, koma amva kuti kuno kuli ana odwala. Muzithira m'phala lake tsiku ndi tsiku." Ndinabwerera ndikuvina, ine! Chitini pamutu, nyimbo pakamwa, njira yonse.

Kuvina kunathera pakhomo. Azakhali anatsegula chitini, ananunkhiza, anapotoza milomo.

"Ng'ombe yanji imakamidwa ufa? Ine ng'ombe ndakulira nazo."

"Auumitsa, azakhali," ndinatero ine.

"Waumitsa ndani? Wapakira ndani? Akazi a kutsidyako alibe amuna? Manja otentha okhaokha, ndiye mukuti wodwala adye? Mukufuna kumutsiriza?"

Anakwera pamtondo n'kupanikiza chitini pa mtanda wa denga, m'mwaye.

Ndiye chinakhala pamenepo. Mayo ine, chinakhala! M'mawa tikuchiona, madzulo tikuchiona. Pansi pake Paulo akumwetsedwa mizu yowawa, akusanza, khungu la m'miyendo likusupuka ngati la mbatata yophika. Mkaka unawoloka nyanja, unakwera sitima, unakwera lole, unakwera mapiri a Dedza, n'kudzalephera kutsika padenga la nyumba yathu! Lamulungu tonse kutchalitchi, azakhali kolona m'khosi, kupempherera anthu otithandiza. Kubwera kunyumba, chitini chili pomwepo. Ndinkachita kuluma nsalu ndi mkwiyo.

Amayi anangoti duu. Akanatani? Akanatsutsa, anthu akanati onani, akubisa mlandu wake.

Tsiku lina ndinaphulika. "Azakhali, Paulo akafa mwamupha ndinu!" Eee, zimene ndinaona. Mkwapulo wa mtengo wa pichesi unandiyenda m'miyendo, ndipo chitini chinakankhidwira mkati kwambiri. Amayi pondithowa ndi madzi ofunda anandinong'oneza kuti, "Anyesi, wakuwa. Chatsika?" Ndinawakwiyira nawonso, ndinkati ndi amantha.

Mwezi unatsala pang'ono kutha. Paulo analeka ngakhale kulira kwa kamphaka kuja, ankangotiyang'ana. Masana ena amayi ankaphika nyemba, azakhali ali pakhonde akutongola chimanga. Amayi anandiitana mokweza kuposa masiku onse: "Anyesi, bwera udzathire mchere!" Umenewo unali mwambo wathu. Mkazi akakhala kumwezi, mchere amathira ndi mwana, poti dzanja la mwana ndi lozizira. Nditathira, amayi anatuluka n'kukagwada chapatali ndi azakhali.

"Alamu, ndifunseko, ine ndine mwana. Mchere timagula kusitolo ya amwenye uwu, amaupakira ndani?"

"Ndidziwa bwanji? Ndinaliko?"

"Kapena ndi anthu okwatira."

"Nanga si n'chifukwa chake timaitana mwana?"

"Ooh. Ndiye kuti dzanja la mwana limaziziritsa."

"Mwadziwa lero zimenezo, aNaphiri? Kwanu anakulangani chiyani?"

"Pepani, alamu. Ndimangoti kapena mkaka uja akanathira Anyesi. Koma eni mwambo ndinu."

Azakhali anafwenkha fodya, anayetsemula. Ine ndikumvetsera kuseri kwa chitseko.

"Ndimaganiza zomwezo kuyambira dzana," anatero. "Inu mumangochedwa kufunsa. Koma supuni asagwire wina, ndipo ine ndizionerera."

Ndinakwera pamtondo n'kutsitsa chitini. Chitini chinali bii ndi mwaye, koma mkati mbee! Ndinathira m'phala, ndinatakasa, azakhali ali pamsana panga ngati kapitawo. Paulo anakana, analavula, kenaka anameza. M'mawa mwake anamezanso. Patapita masabata mapazi anaphwa, ndipo tsiku lina anandikoka tsitsi n'kuseka. Aleluya! Ndinagubuduka pafumbi, ndinalulutira mpaka nkhuku zinabalalika!

Koma musati mkwiyo unatha, ayi. Azakhali anayenda mudzi wonse akuti, "Mwanayu ndamuchiza ndine, asisitere anangopereka ufa." Kwa amayi sanapepese mpaka kumanda. Ndipo Paulo sanakule ngati anzake. Anakhala wamfupi, wodwaladwala, ngakhale lero ali ndi zidzukulu zake, Mulungu alemekezeke. Ndikamuona akupumira m'mwamba pokwera chitunda, ndimakumbukira mwezi umene tinataya uja, mtima n'kuwawa ngati ndi dzulo.

Chimene ndikudziwa tsopano, pamene mutu wayera, ndi ichi. Anthu abwino akutali angathe kusonkha, asisitere angathe kupereka, koma m'nyumba ya eni ake mankhwala salowa pokhapokha eniwo atsegule. Ine ndinanena zoona, zoona zenizeni, ndipo ndinalandira mkwapulo. Amayi, amene ndinkawayesa amantha, anameza manyazi awo, anagwada pamaso pa munthu wowanamizira, ndipo mwana anakhala moyo. Mpaka lero ndimakonda kukuwa, ine, pakamwa panga sipatsekeka, afunseni adzukulu anga. Koma pakakhala mwana wodwala ndi nkhalamba youma mutu, ndimayamba ndagwada, mano ndikukukuta.