Tsiku Limene Ndinatengera Foni ya Patuma ku Mzikiti

Nkhani iyi yonse sindinauzepo munthu, ngakhale anzanga a pabawo. Anthu a kwathu ku Nkope akudziwa chidutswa chake choipa, chifukwa ndinachifalitsa ndi pakamwa panga. Chotsalacho ndikuchilemba lero, ndipo ndikulemba ndili ndi mkwiyo. Inu owerenga, ndinapasula ukwati wa mdzukulu wanga chifukwa cha mulungu wojambula wa m'foni.

Mdzukuluyo ndi Patuma, mwana wa malemu Yusufu, mwana wanga woyamba, amene anamira panyanja bwato litagubuduzika ndi mwera. Nthawi imeneyo Patuma anali kamtsikana ka ku pulayimale. Mayi ake anakakwatiwanso ku Mozambiki, iye anatsala ndi ine.

Yusufu atamwalira, ine ndinali nditangolowa mbali ya amene amati sadaka ya maliro ndi chowonjezera pa chipembedzo. Mlongo wanga, amene amakhala ku Chembe, anabwera ndi mpunga pamutu kuti tichite arubaini, mwambo wokumbukira womwalira pakatha masiku makumi anayi. Ndinamubweza pachipata, mpunga uli pamutu pomwepo. Sindikutsutsa chiphunzitsocho pano. Ndikunena za mwano wanga. Ndinaletsa kuphika, ndinaletsa kusonkhana, mpaka dzina la Yusufu linasiya kutchulidwa m'nyumba mwanga, ngati kuti mwanayo anaba. Patuma anaona zonsezo ali pakhonde.

Anakula, nayamba kuyanika usipa pathandala ndi kugulitsa kwa amalonda. Maondo anga atayamba kukana, iye ndiye anali miyendo yanga. Chaka chathachi mnyamata wa ku Katuli anamufunsira, akuluakulu anakumana, ndipo tsiku lomangitsa ukwati kwa shehe linali pafupi.

Chimene chinkandinyansa ndi masewera a m'foni mwake. Akamadikira usipa kuti uume, ankavala timawaya m'makutu n'kumayankhula Chingerezi ndi anthu osaoneka, nthawi zina kuseka yekha.

Lachisanu lina m'mawa kunachita mitambo, Patuma anathamangira kuthandala kukaanula nsomba, foni n'kuisiya pamkeka. Inalibe loko, chifukwa mwini wake analibe chobisa. Ndinaitola. M'fonimo ndinaona nyumba yaikulu ya zipilala, m'kati mwake muli chifanizo cha mkazi wamtali wa mutu wa mbalame. Patsogolo pake panagwada kamunthu kovala zoyera, ndipo pansi ponse panali nyali zoyaka. Ine ndinaphunzira kuwerenga nditamera kale imvi, ku sukulu ya kwacha, ndipo ndimanyada nako kuwerengako. Pamwala wina pafupi ndi nyalizo ndinawerenga chilembo chimodzichimodzi, ndipo linali dzina la Yusufu.

Sindinamuitane mwanayo. Anali panja pomwepo, ndinkamumva akukoka nsomba pathandala. Ndinaika foni m'thumba la mkanjo, ulendo wa ku mzikiti.

Itatha swala ya Ijumaa, pemphero la Lachisanu, ndinaimitsa amuna pakhonde la mzikiti. Ndinanena ine ndi pakamwa panga kuti mdzukulu wanga akugwadira fano ndipo akuitana mzimu wa bambo ake. Foni inayenda m'manja mwa aliyense. Shehe wathu anangondifunsa kuti, “Kodi mwanayo mwamufunsa?” Ndinayankha kuti chimene maso aona sichifuna kufunsa. Ndinkamva kukoma, inu owerenga. Ndinkaona ngati onse akusirira nkhalamba yosaopa kuyalutsa magazi ake chifukwa cha Mulungu. Munthu wina anajambula chithunzicho ndi foni yake, ndipo dzuwa lisanalowe chinali chitafika ku Katuli.

Kumjigo amayi anayamba kusuntha zidebe zawo Patuma akafika. Amene ankamugula usipa anasamukira ku thandala la ena. Kenako amalume ake a mnyamata uja anatumiza mawu kuti banja lawo silingalandire mkazi wa mafano.

Patuma sanandikalipire. Ankaphika, ankanditengera madzi osamba. Masana ena ndinangoona chikwama pakhomo. Anati akupita kwa mlongo wanga ku Chembe, koma asanapite anakhala pamkeka n'kunditsegulira masewera aja.

Anandionetsa kuti aliyense akamayamba amasankha kamunthu kake, ndipo kamunthuko kamasankha mulungu wake pakati pa milungu yopeka, ngati momwe anyamata amasankhira timu ya mpira. Kake kanali kochiritsa anzake ovulala pankhondo, ndipo mphamvu zikatha kankapita kukagwada m'nyumba ija kuti zibwerere.

“Anganga, mulungu ameneyu bandulo ikatha nayenso amazima,” anatero. “Inu mumandiona ndikuswali kasanu pa tsiku m'nyumba mwanu muno. Mukuganiza kuti ndingasinthanitse Allah ndi chinthu chofuna chaja?”

Ndinafunsa za dzina la Yusufu. Anati anzake a m'masewerawo, ena a ku Kenya, ena a maiko akutali amene sindingawatchule bwino, anamufunsa tsiku lina chifukwa chake anali chete. Anawauza kuti ndi nyengo imene bambo ake anamira, ndipo kwawo palibe amene amawatchula. Anzakewo anapangana, aliyense anabwera ndi kamunthu kake m'nyumba ija, anaika nyali, analemba dzinalo pamwala, n'kuima pamenepo osayankhula. Ena anali Akhristu, ena osapemphera n'komwe.

“Sanapemphe kanthu kwa mbalameyo,” anatero Patuma. “Anangobwera kudzakhala nane. Inu munabweza mpunga pachipata. Ndikanawalirira kuti bambo anga?”

Ananyamula chikwama, anapita.

Mkwiyo wanga uli pa anthu ambiri. Ndakwiyira amene amapanga masewerawa. Amasema milungu ngati anyamata a ku Chembe osema mvuu zogulitsa kwa azungu, wina wa nkhondo, wina wa mvula, wina wa imfa. Kwa iwo ndi zokongoletsa chabe. Sadziwa, kapena sasamala, kuti chinthucho chidzagwera m'mudzi umene liwu loti fano lingathe kumuchotsera mtsikana mwamuna ndi malonda sabata imodzi. Mpaka lero sindikondwa kuona kamunthu kakugwadira mbalame, ngakhale kojambula. Ndakwiyira amuna a pakhonde paja, amene ana awo ali ndi zoipa zenizeni m'mafoni mwawo, koma anathamangira kufalitsa za mwana wamasiye. Ndakwiyira banja la ku Katuli, limene linamvera chithunzi osabwera kudzaona munthu.

Koma onsewa akanachita chiyani ine ndikanapanda kutulutsa foniyo m'thumba? Anthu achilendo, osadziwa n'komwe kuti Nkope ili kuti, anaima m'kachisi wabodza kulira mwana wanga. Ine bambo ake, wa mzikiti weniweni, ndinaletsa dzina lake, kenako ndinayalutsa mwana wake. Sindinkateteza Mulungu tsiku lija. Mulungu safuna chitetezo cha nkhalamba ya maondo ofooka. Ndinkafuna kuti anthu andione.

Inu akuluakulu anzanga, mudzaona zinthu m'mafoni a ana anu zimene zidzakuimitsani mutu: akachisi, ansembe, milungu ya nyanga ndi ya mapiko. Zina mudzaziletsa, ndipo mwina mudzakhala mukulondola. Koma yambani mwamukhazika mwanayo pansi, m'nyumba, chitseko chili chotseka, ndipo mumufunse kuti chimenecho n'chiyani kwa iye. Mufunsenso chimene akukafuna kumeneko chimene pakhomo panu palibe. Yankho lake likhoza kukupwetekani kuposa chithunzicho. Ndipo kudziwa kuwerenga dzina pamwala sikutanthauza kuti mwamvetsa amene analilemba.

Inu achinyamata, musamaseke makolo anu akachita mantha. Afotokozereni msanga, asanazione okha.

M'mawa mwake Patuma atapita, itatha swala ya m'bandakucha, ndinaimirira mu mzikiti anthu asanavale nsapato. Ndinati ndinanamizira mdzukulu wanga shiriki, tchimo lophatikiza Mulungu ndi zinthu zina, ndisanamufunse, ndipo wochimwa pankhaniyi ndi ine. Ambiri anayang'ana pansi. Mmodzi anati mawu anapita kale, sangabwezedwe. Ndinamuuza kuti ndikudziwa kumene mawuwo anapita. Ndinatenga ndodo yanga, ndinapita kumsewu, n'kuima kudikira galimoto ya ku boma, kuti kumeneko ndikapeze njinga yamoto yondifikitsa ku Katuli.