Mphaka Wanga Sadya Zopatsidwa

Chizindikiro choyamba chinali ludzu. Munali mu Setembulo chaka chatha, tikusosa m'minda, pamene ndinaona kuti Mudzatopa, mphaka wanga, sakuchoka pa beseni lotsukira mbale. Ankamwa m'mawa, ankamwa masana, ndipo kuseri kwa nkhokwe kumene amadzithandizira, dothi linkakhala lonyowa tsiku lonse. Ndinati ndi kutentha chabe, pakuti kuno ku Malowera dzuwa likakwiya ngakhale mbuzi zimaiwala ulemu pachitsime. Sikunali kutentha.

Mudzatopa ndi wamkulu kuposa mdzukulu wanga Lusiya, amene tsopano ali kusekondale ku Fingoe. Anabwera naye ndi malemu amuna anga, atamuika m'chipewa, chaka chimene makoswe anatidyera theka la nkhokwe. Dzinalo anamutcha ndi iwowo. Kwathu kuno chiweto umachipatsa dzina loti anansi amve, ndipo ife anansi anali asanasiye kutinena kuti a ku Zambia, obwera kothawa nkhondo ndi matama okhaokha. Amuna anga anati, "Alekeni anene, adzatopa." Anaikanso lamulo limene aliyense kuno amalidziwa, loti mphaka sapatsidwa chakudya, chifukwa wokhuta sagwira khoswe. Choncho moyo wake wonse Mudzatopa ankadya zosaka yekha ndi zakuba. Mano atayamba kumuthera, anasiya makoswe n'kutembenukira ku dengu langa la chikowa, nsomba zouma zamchere zochokera ku damu la Kabora Basa. Ine ndinkadziwa, ndipo denguli ndinkalipachika pafupi dala.

Pofika Otubulo anali atawonda moti msana unkawerengeka ndi chala. Ubweya unanyankhalala. Anayamba kusanza thovu loyera m'mawa, ndipo m'kamwa mwake munkatuluka fungo ngati la mkodzo. Tsiku lina ananunkhiza chikowa n'kutembenuka osalawa. Pamenepo ndi pamene mantha anandigwira, chifukwa chiyambire amuna anga kumwalira, mphakayu ndiye amene ndimalankhula naye ndikadzuka.

A Rozaliya, akumadre anga, amene anandigwirira mwana pa ubatizo ndipo nyumba yawo ili moyang'anizana ndi yanga, anabwera ndi mapiritsi a mutu kuti ndimusungunulire. Ndinakana, osati chifukwa cha nzeru, koma chifukwa cha mmene anandipatsira, akuseka. Kenako ndinadzamva kwa dotolo kuti mapiritsi a mutu a anthu amapha mphaka. Nthawi zina kuuma mutu kumapulumutsa.

Ndinapempha mwana wanga Jowakimu, amene amakumba golide pafupi ndi Fingoe, kuti atinyamule pa mota yake, njinga yamoto. Mphaka ndinamuika m'dengu, n'kuphimba ndi chitenje. Tekiniku wa ziweto tinamupeza akukonzekera kukabaya ng'ombe katemera, ndipo tinadikira pakhonde mpaka dzuwa kupendeka. Atabwera sanaseke, ndipo ndimamuthokozabe pa chimenecho. Anatsina khungu la pakhosi n'kulisiya, ndipo linachedwa kubwerera. Anayang'ana nkhama, zinali zotuwa. Anati, "Amayi, thupi lake lauma ngakhale akumwa. Ndikukayikira impso, koma kuno ndilibe choyezera magazi. Mupite ku Tete." Anamuthira madzi a soro, aja a diripi, pansi pa khungu kuti afike wamoyo.

Ndinagulitsa mbuzi imodzi. Mudzi wonse unamva lisanalowe dzuwa. Kuno nkhani imayenda ndi miyendo ya amayi opita kuchigayo. Ena anati ndapenga. Ena anatsitsa mawu n'kunena kuti nkhalamba yamasiye yogulitsa mbuzi chifukwa cha mphaka, ndiye kuti mphakayo si mphaka wamba. Mawu akuti mfiti sanawatchule pamaso panga, koma Lamulungu kutchalitchi benchi yanga inakula mwadzidzidzi, anthu atasunthira kutali nane. Ndinakhala pakati penipeni, ndipo ndinaimba mokweza kuposa masiku onse.

Ulendo wa ku Tete unatidyera tsiku lathunthu, poyamba pa kamiyau, lole yonyamula chimanga, kenako pa shapa, minibasi yodzaza anthu. Dengu linali pamiyendo panga, ndipo tikaima ndinkanyowetsa chala n'kumupaka pakamwa. Tinagona kwa mwana wa mchemwali wanga. M'mawa mwake tinakhala pabisha, pamzere wodikira, kuchipatala cha ziweto, pakati pa agalu a mabwana onenepa kuposa ana a ng'ombe. Anamumeta ubweya pang'ono pakhosi, anatenga magazi ndi mkodzo, n'kutiuza kuti tibwere masana. Kutentha kwa ku Tete mumakudziwa. Ndinadikira pansi pa mtengo, osadya, mtima uli m'mwamba.

Dotolo anali mtsikana wa msinkhu wa Jowakimu. Ataona kuti Chipwitikizi changa n'chopunduka, anasakaniza ndi Chinyungwe kuti ndimve. Anati, "Vovo, agogo anga, impso zake zatopa, ndipo sizidzabwerera mwakale. Koma zotsalazo zikhoza kumusunga ngati adya bwino ndi kumwa madzi ambiri." Atamva za chikowa anapukusa mutu. Anati nsomba zouma, kapenta, mafupa ndi chilichonse chamchere zimalemetsa impso. Anandiuza kuti ndizimuphikira choyera cha dzira, kanyama ka nkhuku kopanda fupa, kampunga kapena kadzungu pang'ono, zonse zofewa, zamsuzi wambiri, zopanda mchere ndi anyezi. Anatipatsa mankhwala oletsa kusanza ndi kathumba ka chakudya chapadera cha amphaka odwala impso. Pomaliza anati, "Koposa zonse, adye. Mphaka akakhala masiku osadya, chiwindi nachonso chimagwa."

Ndinabwerera ndi chiyembekezo, koma Mudzatopa anali ndi maganizo ake. Chakudya cha m'kathumba anachinunkhiza kamodzi n'kuyamba kuchikwirira ndi mwendo, monga amachitira ndi zonyansa zake. Ndinachinyowetsa ndi madzi ofunda, anakana. Ndinapha nkhuku, ine amene ndimapha nkhuku pa Natale pokha, tsiku la Khirisimasi, ndipo ndinamuikira m'mbale yanga yadothi ya alendo. Anayang'ana mbaleyo, anayang'ana ine, n'kupita kukagona pansi pa nkhokwe. Ndinagwada, ndinanyengerera, ndinamuikira pachala. Ankangonyambita kamsuzi kuti andichotse manyazi. Kusanza kunali kutasiya chifukwa cha mankhwala, koma thupi linkapitirira kutha, ndipo poyenda miyendo yakumbuyo inkagwedezeka.

Pakati pa sabata Jowakimu anafika n'kumuona. Kenako anati, "Amayi, mwayesetsa. Anthu akukunenani, ndipo Lusiya akumva zimenezi mpaka ku Fingoe. Mphaka akakalamba timamuika m'thumba n'kukamusiya kuphiri, ndi mmene timachitira. Lamulungu ndibwera ndi thumba. Ngati sakudya, musandiletse."

Ndinamuyankha kuti, "Iwe, amene anakusungira chimanga chimene unakulira ndi ameneyu. Ine mano akandithera udzanditengeranso thumba?"  Atapita ndinalira, chifukwa mumtima ndinkadziwa kuti sakunena zankhanza zokha. Kusunga chamoyo chikufa ndi njala pamaso pako si chifundo. Ndinatsimikiza kuti kuphiri sapita, zivute zitani, koma njira yomudyetsera ndinalibe.

Lachisanu masana ndinaphikanso mazira ndi kanyama m'kamphika kakang'ono, m'kuzinya, kanyumba kathu kophikira. Ndisanapakule ndinamva odi. Anali a Rozaliya. Ndinaphula kamphikako, n'kukaika pansi pafupi ndi mafuwa, chivundikiro chili chopendekeka, ndipo ndinatuluka.

Iwo sanazungulire. Anati, "Akumadre, ine ndabwera ngati m'bale. Azimayi a mpingo akuti mwina musiye kaye kukonza maluwa a paguwa, mpaka nkhani ya mphakayi itazizira."

Ndinati, "Akumadre, chaka cha makoswe chija munabwereka ndani kuti akagone m'nkhokwe mwanu? Pamenepo anali mphaka wabwino. Lero wadwala, wasanduka ndege ya usiku? Kauzeni kuti maluwa ndikonza, ndipo wofuna kundiletsa abwere yekha ndi pakamwa pake."

Tikukangana choncho, m'kuzinya munamveka chivundikiro kugwa. Ndinathamanga. Ndinapeza Mudzatopa mutu uli m'kamphika, ndipo pakamwa panga panatuluka mawu amene ndakhala ndikumukalipira zaka zonsezi: "Choka apo, wakuba iwe!" Anadumpha ndi chidutswa cha dzira kukamwa, n'kukadyera kuseri kwa mtondo, akundiyang'ana ndi diso limodzi. Atameza anabwerera mozemba, mimba ili pansi, kudzatenga china.

Ndinakhala pansi pomwepo. Masiku onsewo ndinkamupatsa chakudya ngati mlendo wolemekezeka, pamene iye chibadwire sanadyepo m'mbale. Chimene waikiridwa pamaso, ndi munthu atagwada pambali, kwa iye ndi msampha. Chakudya amachidziwa chikakhala chobisidwa, mwini wake atatembenuka. Ndife tinamulera choncho ndi lamulo lathu lija. A Rozaliya anaima pakhomo akuyang'ana, ndipo anangoti, "Koma akumadre, inu ndi mphaka wanuyu mutu ndi umodzi." Ndinavomera kuti ndi zoona.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasintha kachitidwe. Ndimaphika chakudya chake m'kamphika komweko, ndimadikira chikhale chofunda chabe, ndimavundikira mopendekeka n'kutuluka ngati ndaiwala. Ndikamva chivundikiro ndimakalipa kamodzi, osapitirira, chifukwa ndikapanda kukalipa amakayikira n'kusiya. Ndimachita zimenezi kangapo pa tsiku, pang'onopang'ono, pakuti wodwala impso sadya zambiri nthawi imodzi. Chakudya cha m'kathumba chija ndinayamba kuchisakaniza momwemo, kuyambira timibulu towerengeka, mpaka anazolowera. Madzi nawonso chimodzimodzi. Ake a m'chikho sawafuna, choncho ndili ndi kamtsuko kamene ndimanamizira kuti n'kanga, ndipo ndimakasiya kosavundikira. Dengu la chikowa linasamukira kudenga, kumene ngakhale ine ndimafika ndi mpando.

Lamulungu Jowakimu anabweradi ndi thumba la chimanga lopanda kanthu, atalimanga kumbuyo kwa mota. Sindinakangane naye. Ndinamukhazika pa mpando pakhomo la kuzinya, msana atalozetsa kumoto, n'kumuuza kuti asacheuke mpaka atamva chivundikiro, ndipo akamva akalipe. Anaganiza kuti mwina anthu aja akunena zoona za mutu wanga. Tinadikira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chivundikiro chitagwa, anacheuka n'kuona mphaka uja anabwera kudzamutaya akuthawa ndi nyama, ndipo m'malo mokalipa anaseka mpaka kutsokomola. Ndinachita kukalipa ndine. Popita anaiwala thumba lake, kapena analisiya dala, sindinamufunse.

Mvula yoyamba itagwa, Mudzatopa anali atayamba kudzinyambita ubweya, chimene anali atasiya kalekale. Pofika nthawi ya dzinja msana unabisika pang'ono. Sindikunamizani kuti anachira. Impso sizichira, ndipo dotolo anandiuza zimenezo osabisa. Pali masiku amene amasanza ndi kukana chilichonse, ndipo ndikaona khungu likuchedwa kubwerera ndimatuma uthenga kwa tekiniku uja kuti adzamuthire soro. M'nyengo ya mvula msewu ukaduka ndimakhala ndi nkhawa. Ndikudziwa kuti tsiku lina kamphikako kadzakhala chivundikirire mpaka madzulo. Likadzafika tsikulo ndidzapempha tekiniku kuti amugoneke mwamtendere pakhomo pano, ndipo ndidzamuika pansi pa nkhokwe imene anailondera. Kuphiri ayi.

Maluwa a paguwa ndikukonzabe. Benchi yanga inadzazanso yokha, popanda wopepesa, ndipo ine sindinapemphe kupepesedwa. A Rozaliya masiku ano amandibweretsera mazira a nkhuku zawo, amati ndi anga, koma tonse tikudziwa mwini wake.

Kwa inu amene muli ndi mphaka wokalamba, ndikuti yang'anani madzi. Akayamba kumwa kwambiri, kukodza kwambiri ndi kuwonda, musadikire kuti asiye kudya ngati mmene ndinachitira ine, pakuti zengerezu adalinda kwawukwawu. Pitani naye kwa a ziweto msanga, ngakhale akusekeni panjira. Musamupatse mankhwala a anthu, ndipo nsomba zamchere muziike patali. Akakana chakudya chatsopano musafulumire kunena kuti wafuna kufa. Kumbukirani mmene wakhala akudyera moyo wake wonse, ndipo mumupatse m'njira yomweyo.

Pamene ndikumaliza kulemba, Mudzatopa wagona padzuwa pakhonde, mimba ili yokhuta ndi zakuba za m'mawa uno. Wagonera thumba lija la Jowakimu. Ndinalipinda pawiri, ndipo amalikonda kuposa mphasa.