Chipsera cha Pamkono pa Achimwene

Achimwene anga ankagwira ntchito ku Joni, mu fabrika yopanga mankhwala a cheza, aja amabaya odwala kuti makina a kuchipatala aone za m'thupi. Tsiku lina golovesi linang'ambika, kadontho kanawagwera pamkono. Makina opimira analira, anawatsuka ndi sopo mobwerezabwereza, mpaka madotolo anati chezacho chatha. Chinatsala ndi chipsera basi, ngati cha mwana wogwera pambaula.

Anabwerera ku Chiputo, kuchikamwini, kudzaona mwana wawo woyamba amene anabadwa iwo ali kutali. Kulakwa kwawo kunali kunena zoona. Akanangoti ndinapsa ndi paipi ya utsi ya mota, njinga yamoto ija, bwenzi palibe nkhani.

Atamva za chezacho, apongozi awo aakazi analamula kuti mwanayo asamukhudze. Mbale yawoyawo, madzi osamba m'manja awoawo, otsala kukataya kuseri kwa khola la mbuzi. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti mwana wamwamuna wa mayiwo, wokumba golide, ankatikita merikuriyo, poizoni wogwirira golide uja, pachikhatho, kupukutira pabuluku, n'kunyamula khandalo. Ameneyo ayi, analibe mlandu, poti ankabwera ndi shuga.

Nditamva, ndinapalasa njinga kuchokera ku Fingoe. Ndinawapeza achimwene atakhala pachitsa, patali, akusuzumira mwana wawo ngati munthu wongodutsa m'njira. Ndinalunjika kwa apongoziwo, moni sindinapereke.

"Amayi, poizoni mukumuopayo ali pati? Madotolo anapima."

"Madotolo a ku Joniwo adzabwera kudzakhuza maliro kuno?" anayankha osandiyang'ana n'komwe.

"Nanga uyu wa merikuriyoyu?"

"Uyo timam'dziwa. Inu za pakhomo pano sizikukukhudzani."

Alamu anga, mkazi wa achimwene, anangoti zyoli, n'kumasenda chinangwa ngati sakumva. Munthu amene ankavala nsalu zogulidwa ndi dzanja la chipsera lomwelo. Amenewo ndiye sindinawakhululukire, ndipo sindikuganizako.

Ndinatola mwanayo pamphasa, apongoziwo akukalipa kumbuyo kwanga, n'kupita naye kwa bambo wake.

"Achimwene, landirani mwana wanu."

Anaimirira. Anamuyang'anitsitsa. Khandalo linatambasula kadzanja kufuna kugwira malaya awo. Iwo anabwerera m'mbuyo, n'kubisa manja onse awiri kumsana.

"Mlongo wanga, kam'bweze," anatero motsitsa mawu. "Nanga zikakhala kuti apongoziwa akunena zoona?"