Dzanja Lamanja la a Lezala

A Lezala anayamba kumeta anthu iwo eni ndevu zisanamere, m'kachipinda ka mpando umodzi ndi galasi long'aluka pakona. Dzanja lawo linali lopepuka moti makasitomala ankawodzera pampando. Vuto lawo linali limodzi basi: sankalakwa. Mzere ukakhota, wolakwa anali sizasi, chipeso, kapena mutu wa mwiniwake.

Ndiye tsiku lina zala zitalemera kwa kanthawi, sizasi n'kugwa pansi, iwo anaitukwana n'kukainoletsa. Dzanja linabwerera mwakale. Zitachitikanso, anagula ina. Kunyumba nako kapu inawapulumuka akazi awo akuona.

"Bambo, tiyeni kuchipatala. Dzanja limeneli silili bwino."

"Mayi, muzitsukuluza bwino ziwiya. Kapu yoterera chonchi angaigwire ndani?"

Paja Samva adamva nkhwangwa ili m'mutu. A Lezala anagwa masana ena, kasitomala ali ndi thovu kumaso, dzanja ndi mwendo wakumanja zitafooka, mawu osatuluka. Kuchipatala dokotala anagwiragwira dzanjalo, koma analoza kumanzere kwa mutu wawo.

"Dzanjali lilibe vuto, bambo. Lamulo loti chala chipinde limachokera mu ubongo n'kutsika ndi mitsempha. Pamwamba pa khosi apa mitsemphayo imapingasana, ya kumanzere n'kupita kumanja, kenako imadutsa mumsana mpaka ku zala. Inuyo magazi atsekeka kumanzere kuno, njira yaduka. Kugwetsa zinthu kuja linali chenjezo. Mukanabwera nthawi imeneyo, tikanayesa kuziletsa."

A Lezala anayang'ana pansi. Zinawapweteka mtima koopsa, makamaka poona kuti akazi awo sanawanene chilichonse, anangowavalika nsapato.

Mwendo unabwerera pang'onopang'ono, mawu nawonso, koma zala zinakana. Ankatsegulabe kachipindako m'mawa uliwonse, kusesa ndi dzanja lamanzere, kenako n'kukhala pakhomo. Tsiku lina kunabwera mphunzitsi wopuma pantchito, amene iwo anamumeta kuyambira tsitsi lili bii mpaka imvi mbuu. Anakhala pampando n'kudzifunditsa yekha nsalu.

"Metani ndi lamanzerelo, achimwene. Mutu wake womwewu, mumaudziwa."

A Lezala anatola chipeso, n'kuyang'ana dzanja lamanja lili lende. Analilamula mumtima kuti linyamuke, ndi mphamvu zawo zonse. Silinasunthe. Anamasula nsalu ija pakhosi pa mnzawoyo n'kuloza kwa wometa wina tsidya la msewu.

"Pitani kwa uja wa makina uja. Mumuuze kuti kuseri kwa khutu lanu kuli njerewere, azipita pang'onopang'ono."