Ufa wa m'Bokosi la Mkungudza

Aliyense amene anakhalapo m'tsinde mwa phiri la Mulanje akudziwa kuti kuno ufa sukhalitsa. Chiperoni chikangogona pamudzi, mphasa kunyowa, nsalu kunyowa, ufa mumtsuko kugwirana ngati dongo. Uti uuyanike, dzuwa kulibe. Kenako anankafumbwe, kenako timphutsi toluka ulusi, mapeto ake ufa kuwawa. Nkhondo imeneyo ine ndinaipambana. Ndikunena ine, m'mudzi monse muja panalibe wina. Ndipo kupambanako ndi kumene kunandilanda mwana.

Ndinawoloka Ruo ndevu zitangoyamba kumera, kuthawa mbalamatodya, thabwa limene asilikali a Apwitikizi ankatimenya nalo m'manja. Masiku amenewo azungu anali akulimbana ndi khofi, tiyi asanafalikire. Anzanga amene ndinawoloka nawo analowa thangata m'minda ya azunguwo. Ine ayi. Ndinali ndi khosi, ndinali ndi mapewa, ndinakwera ku Chambe kukacheka matabwa a mkungudza. Thabwa limene ena ankanyamula awiri, ine ndinkatsika nalo ndekha pamutu ndikuimba, anthu a ku Likhubula n'kundimva ndisanaonekere.

Ndinakwatira m'mudzi wa Amang'anja pafupi ndi Chitakale. Mkazi wanga anali wamfupi, wa pakamwa, wosaopa munthu. Tinabereka mwana wamkazi. Tsono mumve bwino apa: ine ndinali mkamwini, ndiponso Mlomwe, amene iwo ankatitcha Anguru. Mkamwini alibe mwana. Ana ndi a kuchikazi. Umakhala pafupi ndi magazi ako pokhapokha eni mudzi akukufuna, ndipo tsiku limene atopa nawe umanyamula mphasa yako wekha. Ndinkadziwa zimenezo, n'chifukwa chake munda wa apongozi ndinkaulima ngati wanga, denga lawo ndinkafolera asanandipemphe.

Mwana atayamba kulumikiza mawu, mkazi wanga anaimanso. Chaka chimenecho chinyezi chinanyanya. Ndikatsika phiri ndinkamupeza atakhala pakhonde ndi lichero, akupeta anankafumbwe mu ufa, nkhuku zitamuzungulira. Ufa woyera si wamasewera. Ukonole, uviike mphale, utsuke, usinje, uyanike. Ntchito yonseyo, ndi mimba, kenako theka la ufawo n'kutayira nkhuku, n'kubwereranso pamtondo.

Apongozi anga anali ndi nzeru zawo, sindiwanyoza. Nandolo ankasakaniza ndi phulusa, mbiya n'kuimata dothi pakamwa. Chimanga cha mbewu ankachipachika pamwamba pa moto kuti utsi uchide. Zonsezo zinkagwira. Koma ufa sungauthire phulusa, ndipo mtsuko umene ukutsegula tsiku ndi tsiku sungaumate. Pa ufa nzeru zawo zinkathera pomwepo.

Ine kuphiri ndinali nditaona kanthu. Ufa wathu wa kamba tinkauika mumsasa pamwamba pa matabwa, pakati pa utuchi wa mkungudza, ndipo kachilombo sikankayandikira. Chiswe chimene chimadya mtengo uliwonse, mkungudza chimaulambalala. Ndinati, nanga ufa utakhala m'kati mwa mkungudzawo?

Kapitawo anandilola kutenga matabwa okanidwa, ong'aluka kunsonga. Ndinawasalaza ndi kasemasema, n'kuwalumikiza ndi zikhomo zamtengo poti misomali inali ya azungu okha. Chivundikiro chinkakhala mwakuti nyerere siikanapeza polowera. Matabwa anali aatali, ndipo mtima sunandilole kudula thabwa labwino pakati, choncho bokosi linatuluka lalitali, lopapatiza, loti munthu wamkulu atha kugonamo. Ndinaliyang'ana n'kudziuza kuti ngakhale mzungu wa ku boma alibe lotere.

Ndinalowa nalo m'mudzi masana, lili pamutu, ndikuimba. Amayi amene anali pamtondo anaimika minsi m'mwamba. Mmodzi anagwira kumutu n'kuyamba kulira. Alamu anga, mchimwene wake wa mkazi wanga, amene anali mwinimbumba, anatuluka akuthamanga.

"Alamu, wafa ndani?"

"Afa anankafumbwe!" ndinatero, n'kuseka mpaka phiri kuyankha.

Palibe anaseka. Kwathu kutsidya maliro tinkakulunga mumphasa, ndipo ine chibadwire ndinali ndisanaonepo munthu akuikidwa m'matabwa. Koma iwo ankakhala pafupi ndi azungu. Anali ataona mzungu wina akuikidwa m'bokosi, ndiponso mphunzitsi wa ku mishoni. Kwa iwo bokosi lalitali linali ndi ntchito imodzi yokha.

Apongozi sakanalankhula nane maso ndi maso, mwambo sunkalola. Analankhulira kuseri kwa nkhokwe, ngati akuuza nkhuku.

"Mumuuze mlendoyo kuti m'nyumba muli munthu wa pakati. Chinthu chotsegula kukamwa chotero sichikhala ndi njala nthawi yaitali."

"Muwauze amayi kuti chidya ufa," ndinayankha. "Ufa wokhawokha."

Mkazi wanga anabwera, dzanja lili m'chiuno. Analizungulira, n'kutsegula, n'kununkhiza, n'kugogoda m'mbali.

"Anguru inu, mwati kachilombo sikalowa?"

"Kakalowa ndidzakadya ine, kamoyo."

"Ndamva ndi makutu anga. Lowetsani. Msana wanga watopa, anthuwa sandisinjira."

Linalowa. Tinayala nsalu yoyera pansi pake, iye n'kukhuthuliramo ufa wouma bwino. Ndinaliika pamiyala kuti lisakhudze dothi. Chiperoni chinabwera, chinapita, chinabweranso. Makoswe analuma ngodya imodzi n'kuleka. Mphemvu zinkayenda pamwamba ngati alendo osowa khomo. Ufa m'katimo unali mbee, woti ukaufinya m'dzanja n'kutsegula umangomwazika.

Cholakwa chinali chimodzi: fungo. Ufa unatenga fungo la mtengo.

"Nsima ikununkha inu," ankatero mkazi wanga. "Masana kudya inu, kutsuka nsalu inu. Ndithawira kuti?"

Koma ankadya, mwana ankadya, ndipo anasiya kukhala pakhonde ndi lichero. Anzake ankabwera kudzasuzumira pakhomo. Ena ufa wawo ukawawa ankabwera ndi kambale kudzapempha, koma asanalandire ankafunsa kaye, "Si wa m'chijachi?" Iye ankayankha kuti, "Wa m'chijachi womwewo, mukufuna kapena ayi?" Ankabwerera ndi kambale kopanda kanthu. Ine ndinkati njala idzawaphunzitsa.

Tsiku lake lobereka linafika ine ndili ku Chambe. Munthu anakwera kudzandiuza kuti nditsike. Ndinapeza mwana anabadwa osalira, amayi atamutaya kale monga mwa mwambo wawo, ndipo mkazi wanga ali m'nyumba ya apongozi, thupi likutentha. Mwamuna sankalowa m'menemo. Ndinakhala panja, kutsamira khoma, pamalo pamene dothi linagumuka pang'ono, n'kumuitana.

"Mwabwera, abambo ake?" Mawu ake anali ochepa ngati a mwana.

"Ndabwera. Udzuka, usaope."

"Musafuule, ndikumva. Imvani. Litulutseni lija."

"Nawenso wayamba?"

"Ine sindiliopa. Koma amayi sakudya, akungoyang'ana kunyumba kwathu. Litulutseni kuti mtima wawo ukhale pansi."

Sindinatsutse. Anthu amati ndine wouma mutu, koma tsiku limenelo ndinalinyamula ndi ufa wake womwe, n'kukaliika kuseri kwa khola la mbuzi. Ndinabwerera pakhoma paja kukamuuza kuti latuluka. Anati, "Mwavundikira bwino? Kugwa mvula." Amenewo ndiwo mawu omaliza amene anandiuza. Mawa lake dzuwa lisanafike pamutu, amayi anayamba kulira.

Titameta maliro, alamu anga anaitanitsa anthu pabwalo. Ndinadziwa kuti akufuna kundisudzula, kundimasula kuti ndizipita. Mkazi akafa, mkamwini wabwino ena amamusunga, amamuuza kuti khalani mulere ana. Ine ndinali nditalima, nditafolera, nditakumba manda a abale awo. Ndinaima n'kuwawerengera zonsezo.

"Palibe akukana, alamu," anatero. "Manja muli nawo. Koma munauzidwa."

"Kodi amayi amene amafa pobereka m'midzi yonseyi, m'nyumba mwawo mumakhala mabokosi? Mkazi wa kutsidya kwa mtsinjeyu anafa chaka chatha, anali ndi bokosi?"

"Tsikani mawu, pano pali maliro."

"Ndifunse ndani tsono? Thabwa lili ndi mano?"

Apongozi anali atafunda nsalu kumutu, atandipatsa msana. Anati, "Linalowa lopanda kanthu, m'nyumba mwatsala mopanda munthu. Ine ndilibe mawu ena."

Anagamula kuti ufa utayidwe, bokosi liwotchedwe, ine ndichoke. Za bokosi sindinalimbe nazo. Ndinagwada, ine, pamaso pa anthu onse, kupempha chinthu chimodzi: ufawo ausiyire mwana. Mitsuko yawo yonse inali yodzaza timphutsi, ndipo ufa umenewo anasinja ndi amake, ndi manja awo, ali ndi mimba. Ndinati mwanayo amwe phala la amake mpaka lithe. Anakana. Anyamata anakumba dzenje kuthengo n'kukhuthuliramo, n'kukwirira msanga kuti ngakhale nkhuku zisadye. Ndinaona ukugwa. Munalibe kachilombo ngakhale kamodzi. Zimenezo ndidzazinena mpaka ndife.

Bokosi analiwotcha pabwalo. Mkungudza uli ndi mafuta, umayaka molusa, ndipo utsi wake sutha msanga. Fungo linalowa m'madenga, m'nsalu, m'tsitsi. Amayi ankatseka ana mphuno. Ndinamva wina akuuza mwana wanga, ali kumsana kwa agogo ake, kuti, "Usapume, ndi limene latenga amako." Ndinanyamula mphasa ndi macheka anga n'kubwerera kuphiri.

Alamu anali atandilola kumabwera kudzaona mwana, bola ndisagone. Mwezi utatha ndinatsika ndi uchi umene ndinafula kuphiri. Mwana anali kusewera pamchenga. Atandiona anadzuka n'kuyamba kubwera, miyendo yake yaifupi ija, ngati amake. Ndinanjuta n'kutambasula manja. "Mwanaka, mwana wanga, bwera." Anafika pafupi, n'kuima. Mphuno yake inagwedezeka. Kenako anakuwa, kukuwa koti sindinamvepo, n'kuthawira kwa agogo ake akugwa n'kudzuka.

Munthu wocheka mkungudza amanunkha mkungudza. Uli m'zikhadabo, m'ndevu, m'thukuta. Wekha sukumva.

Ndinayesanso ulendo wina nditasamba ku Likhubula, kudzikhula ndi mchenga mpaka khungu kutuluka magazi. Anakuwanso. Alamu ananditengera pambali.

"Alamu, mukumudwalitsa mwanayu. Mukachoka sadya. Muyambe mwaleka."

Ndiye ndinasiya phiri. Ine, amene kapitawo ankandiloza pouza anyamata kuti mwamuna amanyamula chonchi, ndinapereka macheka kwa mnzanga n'kukalowa thangata m'munda wa mzungu cha ku Chinakanaka, kukumba maenje a tiyi pamodzi ndi nkhalamba. Nsalu yanga ndinaitaya. Tsitsi ndi ndevu ndinameta. Ndinkapempha anzanga a pamzere kuti andinunkhize, iwo n'kumaseka, "Asa, mkuluyu wapenga." Ena ankati latha, ena ankati likadalipo pang'ono m'manja. Amene ankati likadalipo ndi amene ndinkawakhulupirira. Ndinkaopa kupita msanga n'kumuopsanso. Mvula inagwa, inatha, inagwanso, ine ndikudikira.

Tsiku limene ndinapita ndinanyamula nzimbe. Ndinaima kumapeto kwa bwalo n'kuodira. Anatuluka mtsikana wamng'ono atanyamula lichero, watalikako, mano akutsogolo atagweruka. Ndinamudziwa ndi mayendedwe. Anaika lichero pansi, anabwera pafupi penipeni, sanakuwe, sanathawe. Anagwada bwinobwino monga anamuphunzitsira, n'kuomba m'manja.

"Takulandirani. Agogo apita kumunda. Mukufuna ndani?"

Ndinayang'ana uku ndi uku. Mayi wina amene ankandidziwa anali pakhonde lake, anangoweramitsa mutu. Ndikanati ndine bambo wako, akanafunsa kuti uti, ndipo akanamuuza kuti wa bokosi uja.

"Ndikungodutsa, mayi," ndinatero. "Mundigawireko madzi."

Anathamanga n'kubwera ndi chikho atachigwira ndi manja awiri, madzi akutayikira m'mikono. Ndinamwa pang'onopang'ono kuti aime nthawi yaitali. Ndinamupatsa nzimbe. Anathokoza, n'kubwerera ku lichero lake.

Ndinati ndizibwera chomwecho, ngati wodutsa, mpaka adzakule ndidzamuuze ndekha. Ndinapita kangapo, ndipo anayamba kunditcha agogo a nzimbe. Koma munda wa mzungu wa kumeneko unakula, eni mudzi anakana thangata, n'kusamuka m'chilimwe. Ena anati analowera ku Phalombe, ena anati ku Thuchila. Palibe anatuma mawu kwa ine, poti mlendo wopempha madzi satsanzikidwa. Ndinayenda m'midzi yonse iwiri ndikufunsa, mpaka a boma anadzatigwira kupita kukanyamula katundu wa asilikali kunkhondo ya Ajeremani. Nditabwerako ndinafunsanso, koma anthu anali atabalalika ndi matenda, ndipo amene ndinkawafunsa anali alendo okhaokha.