Chikombole chanu chili kwa amake Tadala

Achemwali, sabata yatha ndikudutsa ku Kawale ndinaona chikombole chanu cha sopo pakhonde pa amake Tadala, aneba anu aja. Ndinachizindikira ndi msomali wopindika wapakona uja. Munali sopo wosalala ngati wanu, fungo la ndimu mpaka kumsewu. Iwo amvekere, "Malemu anasiyira ine, ankati ndili ndi dzanja." Ndinaseka nawo, koma mtima unandiwawa. Ine mng'ono wanu wa bere limodzi munandisiyira nsapato zosandikwana, chikombole n'kupatsa munthu wapadera?

Ndikukumbuka Loweruka lija kuseri kwa nyumba yanu, tikusakaniza mankhwala a kositiki ndi mafuta a mawese, a kanjedza aja, m'beseni. Ndinali nditayambana ndi bambo a kunyumba, ndiye ndinkatakasa ngati ndikumenya munthu. Munandilanda mthiko n'kupatsa amake Tadala. "Sopo amamva mtima," munatero. "Ukamutakasa ndi mkwiyo sauma." Ndinanyanyala n'kuchoka osatsanzika, poganiza kuti Loweruka lina lilipo. Lero chakwana chaka chichokereni inu. Nditabwerako ku Kawale kuja ndinapanga wanga m'katoni, kuti ndikawaonetse mayiwo kuti dzanja limayenda m'magazi. Iwo ati ndipite akandiphunzitse, koma zoona ndikaphunzire dzanja la achemwali anga kwa aneba? Sopo wangayo mpaka pano akadali phala. Chifukwa chake mukuchidziwa, ndipo ndikudziwa kuti uko muliko mukundiseka.