Fodya wa a Etta

A Etta amakhala m'chipinda chakumapeto m'nyumba yosamalira okalamba komwe ndimagwira ntchito ku Edmonton, kumpoto kwa London. Chipindacho chili ndi chitseko chakechake chotulukira kukadimba ka maluwa. Ali ndi zaka 81. Anabadwira ku Amereka, kudera lotchedwa Kentucky, ndipo anabwera ku London ali mtsikana atakwatiwa ndi Mngelezi woyendetsa sitima yapamtunda, amene anamwalira kale. Zaka makumi atatu anagwira ntchito m'khitchini ya pasukulu ina ya pulayimale, mwakuti mpaka lero akaona mbatata yosendedwa mowononga amaitanitsa wophika.

Tsiku langa loyamba anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Dzina?"

"Towela."

"Umaba?"

"Ayi."

"Onse amatero. Tsekula zenera, muno mukununkha Angelezi."

Palibe chinthu chimene a Etta alibe nacho mawu. Amati tiyi wa kuno ndi madzi otsukira mbale. Nkhuku ya m'sitolo amati sinaonepo dzuwa, n'chifukwa chake imakoma ngati pepala. Amati Mngelezi ukamuponda phazi amapepesa ndi iyeyo, choncho usamukhulupirire. Zovala zoumitsa m'makina sazifuna, amati nsalu imayenera kumenyedwa ndi mphepo. Akaona munthu akuyenda maso ali pafoni amati, "Uyo akuyenda ndi mbuye wake."

Ine sindine wolankhulalankhula. Ndimawasambitsa, kuwapesa, kuwapatsa mankhwala, iwo akulankhula. Tsiku lina ndikuwadzoza mafuta m'manja anandifunsa kwathu. Ndinawauza kuti ndi ku Kasungu, bambo anga amalima fodya wa bale, ndipo ndinakula ndikuthirira nazale ndisanapite kusukulu. Anati, "Ifenso."

Kuyambira pamenepo nkhani zinayamba kutuluka. Akuti kwawo analima fodya wa bale yemweyo. Akuti magetsi anafika panyumba pawo iwo ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo amayi awo anaopa kugwira chingwe choyatsira. Chimbudzi chinali chokumba, kuseli kwa khola. Madiresi awo amayi ankasoka kuchokera ku matumba a chakudya cha nkhuku, ndipo popita kukagula ankasankha thumba la maluwa okongola. Nyengo yotentha ankayenda opanda nsapato. Mbozi zikagwa m'munda, ana ndiwo ankazitola ndi manja.

Ndinkangoti "inde", chifukwa wamkulu satsutsidwa. Koma mumtima ndinkati: Amereka wake uti? Amereka amene ndinkamudziwa ine ndi wa nyumba zosanjikizana ndi magalimoto aatali. Zimene ankanenazi zinali za ku Kasungu. Chimbudzi chokumba, mbozi, kuyenda chosavala nsapato, zonsezi zinali zanga.

Ndinamuuza Kasuba, mnzanga wa ku Lusaka, tikudya pa nthawi yopuma.

"Iwe Towela, uganiza mzungu wa ku Amereka angavale saka?" anatero akuseka. "Ba Etta bakuseka iwe. Kapena mutu wayamba kuyenda. Manje lemba mu lipoti, ndiye nchito yako. Ukapanda kulemba, mawa bazakufunsa."

Ndinayamba kuwatchera khutu ngati wapolisi. Ndipo ndinawagwira, kapena ndinaganiza choncho. Anati pokolola ankadula mtengo wonse wa fodya ndi chikwanje, n'kuubaya pandodo, n'kukaupachika m'chigafa chachitali ngati tchalitchi. Aliyense wa ku Kasungu amadziwa kuti fodya sadula mtengo. Timathyola masamba kuyambira pansi, kuwasoka, n'kuwayanika pamikangala. Ndinati apa ndiye poyera: amva nkhani yanga, aiwala pakati, akudzaza ndi zopeka.

Pakutha pa shifiti iliyonse timalemba za munthu aliyense. Ndinalemba kuti a Etta akutenga nkhani za antchito n'kumazinena ngati za ubwana wawo. Ndinalemba kanayi, masiku osiyana, m'Chingelezi changa cha Fomu 4 chimene ndinachisamala kwambiri.

Patapita milungu itatu, a Maureen, namwino wamkulu, amene kwawo ndi ku Zomba, anandiitanira muofesi.

"Mwachita bwino achemwali, muli ndi diso," anatero. "Lachinayi kubwera dokotala wa za kuiwala, ndi Roy, mwana wa a Etta. Zikatsimikizika, tiwasamutsira kumwamba."

Kumwamba ndi kumene amakhala oiwala. Chitseko chake chimatseguka ndi manambala, mazenera amatseguka pang'ono pongolowa dzanja, ndipo kulibe dimba. Amene wakwera kumeneko sindinamuonepo atatsikanso.

A Etta anali atanunkhiza kale. M'mawa mwake anandigwira dzanja ndikuwamanga mabatani.

"Muno muli kazitape," ananong'ona. "Roy wandiimbira, akundifunsa kuti lero ndi lachingati. Chiyambire liti Roy kufuna kudziwa tsiku? Ndikukayikira wautali uja wa ku Zambia. Amaseka kwambiri."

Batani lomaliza linandivuta.

Lachitatu kunagwa mvula yowaza. Pobwera kuchokera pokwerera basi ndinadutsa pansi pa mitengo ikuluikulu ya m'mbali mwa msewu, masamba ake atayoyoka, ofiirira, aakulu ngati chikhatho cha bambo anga, lililonse ndi kaphesi kake. Ndinatola odzaza jumbo. Panali chinthu chimodzi chimene sindinawauzepo a Etta, chifukwa sichinenedwa ndi pakamwa. Ngati ankaba nkhani zanga, ichi sakanachiba.

Ndinawakhuthulira masambawo patebulo.

"Zinyalala izi n'zachiyani?" anafunsa. Koma dzanja linali litapita kale. Anatenga tsamba limodzi, kulifinya m'chikhatho, kulitambasula. "Lafewa bwino. Tsiku la chinyezi ngati lero bambo ankatidzutsa kusanache. Louma sungaligwire, limafumbutuka."

Anayamba kusankha. Owala uku, ofiira uku, othothoka ndi akuda pambali. Zala zawo zopindika zija, zimene zimalephera kutsekula botolo la mankhwala, zinkayenda zokha. Atasonkhanitsa odzaza dzanja analinganiza mapesi powagogoda patebulo, anasankha tsamba labwino, kulipinda m'litali, kulizunguliza kumapesi kawiri katatu, n'kulowetsa nsonga yake pakati pa masambawo. Ndindi, mmene timamangira fodya wopita kumsika. Yofanana ndendende ndi zimene amayi anga amamanga, mpaka kagogodedwe.

"Ukuyang'ana chiyani? Manga yako tione."

Ndinamanga. Anaitembenuza, kuikoka pang'ono, inamasuka.

"Ulesi," anatero. "Kwathu akanakubweza."

Ndinawafunsa za kudula mtengo wonse kuja. Anati ndi mmene ankachitira kwawo, chifukwa chisanu chimabwera msanga, ndipo masamba ankawathothola mtengowo utauma kale m'chigafa. Nditawauza kuti ife timathyola tsamba limodzilimodzi m'munda n'kusoka, anandiyang'ana m'mbali.

"Ukunama," anatero. "Ndani angakhale ndi nthawi yotero?"

Lachinayi tinakhala muofesi: dokotala, a Maureen, a Roy, ndi a Etta atavala juzi yawo yopitira kutchalitchi. Ine anandiitana kuti ndingokhala pakona. Dokotala anafunsa a Etta tsiku, mwezi, ndi kuwerenga chobwerera m'mbuyo. Anayankha bwino, kupatula tsiku la mwezi, limene anaphonya ndi limodzi. Dokotala analemba. Kenaka anatsegula fayilo n'kuwerenga mokweza mawu anga aja.

A Roy anapukusa mutu. "Amayi sanandiuzepo za fodya. Ine ndimadziwa kuti agogo anali ndi famu, basi."

"Unandifunsapo?" anatero a Etta.

Sindinalankhulepo pamsonkhano chibwerere ku London. Ndinaimirira, ngakhale panalibe amene anandiuza kuti ndiime, ndipo ndinatulutsa ndindi ya a Etta ija m'thumba la yunifolomu n'kuiika patebulo.

"Ndinalemba ndine," ndinatero. "Ndinalakwitsa. Sindinkadziwa kuti ku Amereka kunali anthu osauka olima fodya. Ndinaganiza kuti atenga nkhani zanga. Koma ichi amanga okha dzulo, ine sindinawaphunzitse. Munthu amene sanakulire m'chigafa sangamange chonchi."

Dokotala anaitenga, kuitembenuza, osadziwa kuti akuona chiyani. A Maureen ndiwo anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anandilankhula m'Chichewa, motsitsa mawu: "Achemwali, nkhani ngati izi muziyamba mwafunsa. Mukanamutsekera munthu."

Anagwirizana kuti a Etta akhale m'chipinda chawo, adzawaonenso pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Ine anandiuza kuti ndilembe kalata yokonza zimene ndinalemba, ndipo kwa mwezi wathunthu malipoti anga aziyamba awerengedwa ndi a Maureen.

Ndikuwaperekeza kuchipinda, a Etta sanandigwire mkono monga amachitira. Anayenda okha ndi ndodo yawo, pang'onopang'ono, mpaka pampando wa pafupi ndi chitseko cha kudimba.

"Ndiye kazitape uja ndiwe," anatero. "Wofatsa. Ndikanadziwa. Oseka saopsa."

"Pepani, a Etta."

"Pepani ndi wa Angelezi. Kuyambira lero, chilichonse ukalemba za ine uzibwera nacho kuno, undiwerengere usanapereke."

Ndimatero mpaka pano. Shifiti ikamatha ndimaima pafupi ndi mpando wawo n'kuwerenga: adya theka la phala, akana tiyi, atuluka kudimba kawiri. Amamvetsera maso ali pakamwa panga, osati papepala, kuti aone ngati pali mzere umene ndikuudumpha. Dzulo anandiimitsa pakati.

"Katatu," anatero. "Ndatuluka katatu. Konza."